Nkhope ya Mkamwini

Lolemba, 9 Julaye 1917

Kuno kwa Kaphuka chisanu, nkhungu mpaka masana. Alamu anga a Dominiko awalemba umtengatenga, anyamuka Loweruka kupita kunkhondo kumpoto. Mlongo wanga Jestina wabwera maso ali psuu. Akuti ndijambule iyeyo, mwamuna wake ndi amayi, onse pa chithunzi chimodzi. Kamera ndi ija anandisungitsa Abambo a kumishoni pochoka. Magalasi ojambulirapo atsala atatu basi, ena kulibe kowapeza.

Lachiwiri, 10 Julaye

Amayi akanitsitsa kuima pafupi ndi mkamwini. Zaka zisanu ndi chimodzi akupatukirana m'njira, ndiye lero agundane mapewa chifukwa cha kabokosi? Akaima kunkhokwe, kumbuyo kwenikweni, nkhope cham'mbali. Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Diso la kamerayi ndi laling'ono, dzuwa kulibe. Ndikakulitsa bowo lolowera kuwala, chithunzi chimagwira msanga, koma ooneka bwino ndi okhawo aima pamzere umodzi. Amayi angoti diso langalo liphunzire ulemu. Kuti ndisakhumudwitse munthu, ndalunjika pakatikati.

Lachitatu, 11 Julaye

Ndatsuka chithunzi m'kachipinda kamdima ka kutchalitchi. Watuluka bwino ndi mtondo umene unali pakati pa bwalo. Mng'alu wake womwe ukuoneka. Anthu atatu onse ngati utsi. Alamu aseka mpaka kutsamwa, ati bola mtondowo sukupita kunkhondo. Ine sindinaseke. Uchitsiru ndi wanga.

Lachinayi, 12 Julaye

Kadzuwa pang'ono. Lero kabowo kakang'ono, kuti apafupi ndi akutali omwe aoneke. Vuto lake, munthu asagwedezeke mpaka nditawerenga makumi awiri. Ndanena katatu. Ndili pa khumi ndi ziwiri, amayi afunsa Jestina ngati mwamuna wake wapeza bulangeti. Alamu kumva mawu a apongozi, mutu pansi, kuomba m'manja. Ndinangotsala pang'ono kuponya kamera m'khola.

Madzulo. Amayi atuluka bwino, nkhokwe bwino, Jestina bwino. Pamene panaima alamu pali thupi lopanda mutu. Jestina walira, akuti ndi malodza. Ndamuuza kuti si malodza, ndi ulemu wa kwathu kuno. Ndatopa nawo onse.

Loweruka, 14 Julaye

Nkhungu yoti sungaone mbuzi pakhomo. Kapitawo wa amtengatenga akukuwa kumsewu. Galasi limodzi. Amayi apitanso kunkhokwe kwawo, Jestina wagwira mkono wa mwamuna wake. Kabowo kakang'ono sikangatheke m'mdima wotere. Ndapsa mtima. Ndamuchotsa Jestina, ndakhazika alamu pampando pafupi ndi kamera, bowo lonse ndatsegula. Ndawauza ayang'ane ine, asaweramire munthu, kaya ayankhula ndani. Kuwerenga kutatu, basi.

Apita. Jestina sakundiyankhula, akuti ndamulekanitsa ndi mwamuna wake tsiku lotsanzikana.

Lolemba, 16 Julaye

Chatuluka. Nkhope yokha, ndevu iliyonse payokha. Kumbuyo mbuu. Palibe wabwera kudzachiona. Ndachiika m'buku la nyimbo.

Lamulungu, 3 Febuluwale 1918

Ndakhala osalemba. Uthenga unafika Lachinayi ndi a Rafaelo a ku Mayani, amene anali gulu limodzi ndi alamu. Alamu anamwalira ndi kamwazi. Anawaika m'mbali mwa njira, dzina la malowo a Rafaelo sakulidziwa.

Lero titaweruka kutchalitchi amayi andiitana kuseri kwa nyumba, ati ndibweretse chithunzi chija. Achilandira ndi manja awiri. Poyamba anayang'ana kumbali monga mwa masiku onse. Kenako atembenuka, achiyang'anitsitsa nthawi yaitali, chala chili pachipumi pa mkamwini wawo.

"Gerevazio, chipsera ichi anali nacho kale?"

Ndati inde amayi, kuyambira ali mwana.

"Ine sindinkadziwa."