Fyuluta ya galimoto ya bambo ako

Wokondedwa Limbani,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti chimwalirire bambo ako ngakhale mabuku akundikanika kuwerenga.

Lachiwiri galimoto inandizimira pa Chitakale ndikupita kuchipatala. Amakanika anapeza fyuluta ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, penanso itang'ambika. "Mayi, imeneyi amaikung'untha ndani?" anafunsa. Paja bambo ako ankaikung'untha pakhonde Loweruka lililonse, ine n'kumawakalipira kuti akundidetsera zochapa.

Yatsopano yasowa ngakhale ku Limbe, ndipo bambo ako aang'ono akuti galimoto yosayenda ndi yogulitsa basi. Ine mtima sunalole. Chonde mwanangu, tumiza fyulutayo kudzera mwa aliyense wobwera kumudzi, bambo ako aang'onowo asanafike ndi wogula.

Mulungu akusunge kumeneko.

Ndine,
Mayi ako