Sanda ya Jafali

Namwera, 1988

Achimwene Che Osumani,

Salaamu. Kuno tilipo, mvula ikugwa, fodya wakula bwino.

Mwana wanga Jafali, amene inu munamulowetsa usilikali, anamuwombera ku Mozambiki akulondera njanji ya ku Nacala. Anabwera m'bokosi lokhomedwa ndi misomali. Akuluakulu ake anatiletsa kutsegula. Ashehe sanamusambitse, tinangomuika choncho, m'matabwa ngati katundu. Amene ananyamula bokosilo akuti silinkalemera. Ine sindinafunse zambiri.

Kumaliro simunabwere, kaya ntchito inakuchulukirani ku Zombako. Musadandaule. Sanda imene ndinagula yoti timukulungire sinagwire ntchito. Ndaipinda bwinobwino, ili m'sutikesi. Paja munkanyadira kuti Jafali anatengera msinkhu wanu.

Ndine mlongo wanu,
Abiba