Fayilo Yobiriwira Ija Yatuluka M'dilowa

Lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni, mayi wa ana anga, koma mpando wanu wa pawindo uja sitinazolowerebe kuuona wopanda munthu. Ndine amunanu ndikulemba, ana andizungulira.

Chipani cha anthu apantchito tinalowa limodzi, inu mukusoka ku fakitale ya zovala, ine ndili kalaliki. Chitalowa m'boma ndinakhala mlembi wa komiti yokonza mfundo. Inu ndiye munayala mapepala patebulo lodyera, mbale n'kukankhira pambali, kulemba lamulo loti mayi asamachotsedwe ntchito chifukwa chopita kukabereka. Munaliika m'fayilo yobiriwira n'kundipatsa kuti ndikapereke. Ine ndinkati kuona maso a nkhono n'kudekha, tisawaopseze eni mafakitale chisankho chisanadutse. Munkaseka mpaka kupukuta misozi, n'kundikumbutsa kuti mimba sidikira chisankho. Ana anatipatsa maina, ine Mabuleki, inu Moto. Mikangano imeneyo ndimaisowa, nyumba ino yangoti zii.

Pali chimene sindinakuuzeni. Komiti sinakane lamulo lanu monga ndinakunamizirani. Ndine ndinalichotsa pamndandanda wa zokambirana, kawiri konse, fayilo n'kuitsekera m'dilowa ya ku ofesi. Ndinkati tidzaliona chaka chamawa. Chisankho tinapambanadi, koma chaka chamawacho inu simunachione. Ndimachita nazo manyazi, ndipo zimandipweteka mpaka lero.

Mwana wathu woyamba, uja munkamutuma kukopera mapepala anu chifukwa cholemba mooneka bwino, tsopano ndi phungu. Lachiwiri likudzali akufuna kuika lamulo lanu pamaso pa aphungu a chipani. Akuluakulu amuchenjeza kuti akatero aiwale zodzaimanso pa chisankho chikubwerachi. Anabwera kudzandipempha nzeru, akudziwa bwino kuti bambo ake ndi Mabuleki. Za nkhono sindinatchule. Ndinamuuza zonse zimene ndinakubisirani, kenako ndinamupatsa fayilo ija momwe munaisiyira, ndi mizere yanu ya cholembera chofiira, ndi kadontho ka tiyi pachikuto. Analira, n'kuiika m'chikwama.

Achemwali anu amakuliranibe. Anzanu a pamakina osokera amabwera chaka chilichonse tsiku ngati lino, ndipo mmodzi wa iwo mwana wake anachotsedwa ntchito mwezi watha ali ndi khanda kumsana. Adzukulu amene simunawaone amaloza chithunzi chanu n'kumati agogo a Moto.

Kaya mwana wathuyu ataya mpando wauphungu, kaya ayi, Lachiwiri ndikamuperekeza mpaka pakhomo la chipinda cha msonkhano, ndipo sindikamuuza kuti adikire.

Sitidzakuiwalani, a Moto.

Amunanu, ana ndi adzukulu