Bambo Akubisala Chifukwa cha Mbale za Alendo

Aphungu,

Ndine mnyamata wa Fomu 3 kuno ku Mtakataka. Ndilibe mnzanga woti ndingamuuze izi, n'chifukwa chake ndalembera inu. Pakhomo tilipo awiri, ine ndi bambo. Amayi anamwalira ndili wamng'ono.

Bambo anali msodzi. Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya kummero. Chakudya cholimba sichidutsa, amangomwa phala lamadzimadzi. Anthu kuno ndi achifundo, amabwera kudzawazonda, ndipo palibe amene amabwera chimanjamanja. Wina mpunga, wina chinangwa, wina zitumbuwa. Akakhala pamphasa amavundukula mbale n'kunena kuti, "Idyani tikuona, a Chifuniro. Mukamakana chakudya, mphamvu muzitenga kuti?" Bambo sangakane cha mlendo. Amatafuna akumwetulira. Alendo akangopita, ndimawamva akusanza kuseri kwa bafa. Iwo amaganiza kuti sindidziwa.

Mwezi watha kunabwera Mayi Fagness, amene akuphunzira ntchito yothandiza odwala matenda aakulu ndi mabanja awo. Sanabweretse kanthu. Anakhala pansi, anacheza za maukonde, kenako anafunsa kuti, "Kupatula ululu, chikukusowetsani mtendere n'chiyani?" Bambo anayankha kuti, "Mbale." Ine ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku, koma funso limenelo sindinaliganizepo.

Mayiwo anabwerera kusukulu kwawo. Tsopano bambo akamva "odi" amafunda bulangete kunamizira kugona. Ngakhale a Lameck, amene ankapalasa nawo bwato limodzi, amabwerera pakhomo. Lamulungu likudzali akubwera akhristu onse a mphakati wathu. Ndatsimikiza kuti ndiima pakhomo n'kubweza mbale iliyonse, kaya anditche wamwano. Ndatsimikizanso kudzaphunzira ntchito ya Mayi Fagness. Ndiyambire pati?

O.C., Mtakataka

Mwanawe O.C.,

Ntchitoyo waiyamba kale, chifukwa waona zimene akuluakulu sakuziona. Koma pakhomopo usaimepo. Munthu ukamubwezera mbale sabweranso, ndipo bambo ako adzatsala okhaokha m'bulangete muja. Cholakwika si kubweretsa chakudya, koma kuwadyetsa bambo ako anthu akuyang'ana.

Lero lomwe chita zimene anachita Mayi Fagness. Khala pansi, uwauze bambo kuti za kuseri kwa bafa umazidziwa, ndipo uwafunse ngati akulola kuti anthu adziwe za kummero kwawo. Thupi ndi lawo, usalengeze asanavomere. Akavomera, pita kwa a Lameck Lamulungu lisanafike. Mawu amene pakamwa pako angamveke mwano, pakamwa pawo amveka bwino. Iwowo akauze wapampando wa mphakati kuti mbale zizilandiridwa ndi mwana.

Ukatero uzilandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kulowa nazo m'nyumba. Udye ndiwe. Ndikukayika ngati masiku ano ukudya mokwanira. Wofunsa choti abweretse, muuze ufa wa phala, nsinjiro kapena mkaka. Wopanda kanthu atunge madzi, kapena angobwera ndi nkhani za kunyanja.

Za kusanzako kanene kuchipatala, ufunse za chithandizo chochepetsa ululu ndi zakudya zimene angathe kumeza. Madzi akayamba kukanika kumezeka, usadikire tsiku lawo lopitira kuchipatala, pitani pomwepo.

Za maphunziro, khomo lake ndi mayeso a Fomu 4. Uwakhoze bwino. Pa holide ukafunse ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku Dedza, ndipo Mayi Fagness akabweranso uwafunse njira imene anadutsa. Ntchito yawo amaiphunzira chifukwa chifundo chokha, monga waonera, chimatha kumupweteka wodwala.

Koma ndikuchenjeze. Ana amtima ngati wako amayamba ndi kujomba tsiku limodzi kuti asamalire wodwala, mapeto ake yunifolomu imasanduka yovala kumunda. Usasenze wekha matendawa. Lolemba m'mawa a Lameck akhale pamphasa ndi bambo ako, iwe ukhale m'kalasi.

Aphungu