Lichero la Kachipewa

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndiye zatsimikizika. Ukwati wa mwana wa achemwali Loweruka likubwerali sindijambula ine, apeza wina. Ine amene ndajambula maukwati mpaka imvi kumera, akuti ndivale diresi, ndikhale mlendo, kamera itsale kunyumba.

Achemwali pafoni: "Amayi akufuna chithunzi chimodzi chokha, iwo ndi ana awo tonse. Iwe sumapezekamo, umangokhala kuseri kwa kamera." Nzoona, pakhoma la Amayi nkhope yanga palibe. Achimwene nawo akubwera kuchokera kutali kuja, ndipo mmene thupi la Amayi lafikiramu, kaya tidzakumananso tonse. Chabwino, ndamva. Koma osandifunsa bwanji kuti ndiwapezere munthu wodziwa ntchito?

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndamuona wojambula wawoyo kwa achemwali. Kachipewa kumutu m'nyumba mwa eni, malamba thupi lonse ngati akukakonza magetsi. Ndamufunsa kuti fulashi yake ndi yotani. Akuti masana sagwiritsa fulashi, "imapha kuwala kwachilengedwe." Asa! Kenako wasolola chinthu chozungulira chasiliva m'chikwama, chatambasuka chokha kuti phwa, pang'onong'ono kugwetsa makapu a achemwali. Akuti lifulekita, kuseri kwake nkoyera, imabweza dzuwa kunkhope. Ine ndaona lichero basi.

Ndamuuza bwinobwino. Zithunzi ndi za masana, dzuwa lili paliwombo, diresi loyera mbee, khungu ndi lathuli. Maso amabisala mumthunzi, anthu amatuluka ngati odwala. Umachepetsa mphamvu ya fulashi, kungoti phethi, mithunzi yatha. Fulashi sifuna munthu woigwirira, siopa mphepo. Iye kumwetulira: "Zimenezo ndi zakale, anti."

Anti ndani? Ndine mlongo wa bambo ake ine?

Lachisanu, 17 Okutobala

Diresi likundithina m'khwapa. Mabatire ndatchaja, kaya ngachiyani.

Loweruka, 18 Okutobala

Achemwali andigwira pageti la tchalitchi, apisa m'chikwama changa, kamera aitsekera m'galimoto. Ngati ndine wakuba.

Kumalo ojambulira kunali maluwa, kapinga, ndi dzuwa lomwe ndinanena lija. Womugwirira lichero wojambula uja, Kachipewa, sanabwere, akuti m'mimba. Ndiye wapatsa dalaivala wa akwati, bambo wa manja ngati mafosholo. Mphepo itangowomba, lichero ulendo wa m'maluwa, bamboyo pambuyo ndi suti yake. Atalitola waloza nalo mkwatibwi kumaso, mwana misozi mbwembwembwe, mayi wopaka zodzoladzola akuthamanga ndi thonje uku akutukwana chamumtima. Kuwala kwachilengedwe kumeneko! Ndaseka mpaka nthiti kuwawa, sindinabise ayi.

Kenako chithunzi chathu chija. Amayi pampando pakati, achimwene kumbuyo, achemwali kumanzere, ine kumanja. Amayi agwira dzanja langa zolimba. Dalaivala wathira dzuwa lonse m'maso mwawo. Atsinzina, nkhope yakwinyika, akuyesetsa kumwetulira koma zikukanika. Kachipewa akungoti "kwezani, ayi tsitsani, ayi kwezaninso," ngati akuwongolera lole. Achemwali andiponda phazi: "Khala pomwepo iwe." Ndapirira, Mulungu ndi mboni. Koma Amayi anga atuluke ngati akutafuna ndimu, pachithunzi chimene achipempha okha, chifukwa cha mbuli ziwiri? Zandikwana.

Ndasolola dzanja langa. Ndati ndikubwera pompano. Ndalanda lichero, ndatembenuza mbali yoyera, ndabwerera m'mbuyo pang'ono, ndalipendeketsa kuti kuwala kufike cham'mbali. Maso a Amayi atseguka, nkhope yawala bwinobwino. Kachipewa wakuwa: "Pomwepo anti, musasunthe!" Tcha, tcha, tcha.

Ndimati ndimuonetse dalaivala kagwiridwe kake ndibwerere pamalo panga. Ndisanamalize, Amayi ati chizungulire. Dzuwa lawapweteka. Achimwene awanyamula kupita nawo kugalimoto, achemwali pambuyo ndi botolo la madzi, oyendetsa mwambo akuimba mahutala kuti kuholo anthu atopa. Ndatsala pakapinga ndi lichero m'manja.

Kuholo Amayi sanafike, achimwene anatsala nawo kunyumba.

Lamlungu, 19 Okutobala

Achimwene anyamuka m'mawa. Anditsanzika pauthenga wa pafoni. Achemwali sakuyankha.

Lolemba, 20 Okutobala

Kachipewa waika chithunzi chija patsamba lake la pa intaneti, pansi walemba kuti umu ndi mmene kuwala kwachilengedwe kumachitira kukakhala m'manja mwa katswiri. Manja ake ati? Anthu akumuyamikira m'munsimo ngati wachiritsa wakhate. Chondinyansa kwambiri nchakuti chithunzicho nchokongola. Ndachikuza pafoni kusakasaka cholakwika, sindinachipeze. Kumanja kwa Amayi kuli mpata, dzanja lawo lili pa mkono wa mpando.

Lachitatu, 22 Okutobala

Ndachitsukitsa ndekha, chachikulu, pepala labwino, osati zimene akanabweretsa iyeyo. Ndachiika m'felemu, ndapita nacho kwa Amayi. Ndawapeza pakhonde, akupezako bwino. Ndayamba kuwafotokozera za dalaivala uja, za mbali yasiliva ndi yoyera, kuti pakanapanda ine bwenzi atatuluka otsinzina. Sanandidule. Avala magalasi, achiyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pankhope ya achimwene, ya achemwali, ya iwo eni.

"Chatuluka bwino," atero. "Ntchito umaidziwa, mwanawe."

Ndati ndikhome msomali pati. Nyundo ndinabwera nayo.

"Ukawapatse akulu ako akachikoleke kwawo. Ine ndinapempha china."

Andibwezera felemu ndi manja awiri, avula magalasi. Kenako andifunsa ngati ndimwe tiyi, mmene amafunsira alendo.