Chidindo cha Mdala pa Ntchito Yanga

14 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja ukupezako bwino. Kuno ana ndi osangalala, wamng'ono wayamba kukwawa. Ine ndiye mtima suli m'malo, moti kalatayi ndaiyamba katatu.

Kufakitale kwathu wowotcherera aliyense amakhoma chidindo cha nambala yake pambali pa pomwe walumikiza zitsulo. Mdala, mnzanga wa benchi imodzi, amakhomeratu chake asanayambe, akuti amaiwalaiwala. Lachitatu atangokhoma pa mtanda wonyamulira katundu, anamuitana kuchipatala kumene agonekedwa akazi ake, ndipo anandipempha kuti ndimugwirire.

Munandiphunzitsa nokha kuti rodi yowotcherera ntchito yotere imachokera mu uvuni, ili youma. Ine ulesi unandigwira, ndinangotola marodi amene anagona pabenchi masiku awiri, mvula ikugwa. Nditawotcherera mzere woyamba n'kuugogoda kuchotsa makoko ake, ndinaona timabowo ting'onoting'ono. Ndinationa ndithu, Bambo, sindinganame. M'malo mopala ndi kuyambiranso, ndinaphimba ndi mzere wina wosalala, wokongola, mpaka akapitawo anayamikira podutsa.

Lachisanu pouyesa ndi katundu, mtandawo unathyoka pomwepo. Mwamwayi palibe anavulala. Woyesa ataucheka, m'kati munali mabowo okhaokha ngati buledi. Anawerenga nambala, Mdala n'kuimitsidwa ntchito. Lolemba mabwana akambirana zomulanda satifiketi, munthu woti wawotcherera zaka makumi atatu.

Dzulo masana anabwera kunyumba, n'kukhala pampando chipewa chili pamaondo. Ndinkadikira kuti andikalipire.

"Mphwanga," anatero, "tsiku lija mutu sunkagwira. Mwina mzere woyambawo ndinaika ndine ndisanathamange. Maso anga atha awa."

Ine mwana wanu ndinamuthirira tiyi, n'kumuuza kuti zimachitika. Manyazi amene ndili nawo sindikudziwa kowaika.

Lolemba ndilawirira kwa akapitawo msonkhano usanayambe, kukaulula kuti anawotcherera mtandawo ndine. Akhoza kundichotsa, ndipo zikatero ndikupempha kuti apongozi anu, mkazi wangayu, ndi ana adzayambe akhala kwanuko. Ndalemberatu kuti ndisakhalenso ndi pobwerera.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu. Amayi, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Bambo kalatayi, ndipo ndikudziwa kuti mumadumpha zowawa. Lero chonde musadumphe mzere uliwonse.

Ndine mwana wanu,
Wachisamba