Magazi a Aiperi

Mlamu Meerim,

Ndikhulupirira inu ndi achimwene mukupeza bwino ku Moscow konko. Kuno ku Kochkor chisanu chafika poipa, koma nkhosa zili bwino. Bambo tinawaika Lachinayi. Pamaliropo tinapha hatchi monga mwa mwambo, anthu anadya mokwanira, ndipo ambiri ankafunsa kuti mkamwana ali kuti.

Achipatala anabwera kudzatenga magazi a nyumba yonse. Adokotala akuti asilikali olimbana ndi kachilombo ka chifuwa chimene chinapha Bambo anayamba kuoneka m'magazi a mwana wanu Aiperi ife tonse tisanadwale. Iyeyo anangoyetsemula pang'ono n'kupita kukasewera. "Thupi la mwana limayankha msanga," anatero adokotala, "koma la nkhalamba limadzidzimuka nkhondo itatha."

Paja mwana woyamba ndi wa agogo ake, ndipo pomusiya munanena nokha kuti mwambo ndi mwambo. Bambo anamulandira ndi manja awiri. Ankafunda naye bulangete limodzi, tiyi ankamwera naye m'kambale kamodzi, chimfine chake ankamupukuta ndi dzanja lawo.

Dzana mwanayu anandifunsa kuti, "Azakhali, chifuwa cha agogo chinachokera kuti?" Mukundidziwa mlamu, ine bodza sindilitha, ndiye ndinamuuza zimene adokotala ananena. Sanalire ayi. Kungoti masiku ano amadya atayang'ana kukhoma, ndipo akafuna kutsokomola amathamangira kukhola, osavala ndi nsapato zomwe.

Musavutike n'kubwera. Mwana wanu ali ndi thanzi kuposa tonsefe, adokotala omwe atsimikiza.

Ndine mlamu wanu,
Gulbara